Voti ya Bambo

3 Malichi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kunjako, ndipo okalamba mukuwasamalirawo sakukuyendetsani kwambiri. Kuno tadzuka, kungoti maso a bambo atsekeratu tsopano. Lakumanzere lija linkaonako kuwala kwa pazenera, nalonso lagonja mwezi wathawu. Mankhwala odontheza munatumiza aja atsala pang'ono kutha, mukapeza ena mutumize. Ndikulemba kalata chifukwa bambo anu mukuwadziwa. Zaka makumi atatu anagwira ntchito ku positi, mpaka lero amati foni ndi ya anthu osafuna kuti mawu awo asungike. Lero ndagwirizana nawo, pakuti izi nditati ndinene pafoni ndingangolira basi.

Achimwene akuimanso pa ukhansala.

Ndinamvera kwa kasitomala, tangoganizani. Mayi wina akuyesa diresi, ine mapini ali kukamwa, iye n'kumati, "Atelala, mwachiona chithunzi cha alongo anu pamtengo wamagetsi?" Ndinatsala pang'ono kumeza pini. Nditatseka shopu ndinapita kukadzionera ndekha. Ndi iwodi, avala shati yoyera, pansi palembedwa kuti woima payekha. Kaya chipani chija achisiya, kaya chawasiya, sindikudziwa. Chizindikiro chawo ndi fosholo. Fosholo, achemwali!

Inu munali mutapita kale pamene zinkachitika, ndipo aliyense anakuuzani mozungulira poopa kukuswani mtima. Lero ndikuuzeni mosabisa. Achimwene ali khansala anasaina pepala lonena kuti ngalande ya mumsewu mwathu yavundikiridwa yonse ndi konkire. Chonsecho anavundikira mbali ya kumsewu waukulu yokha, kumene akuluakulu amadutsa pa galimoto. Kuyambira pa golosale mpaka pakhomo panga inangokhala chiyasamire. Mvula ya tsiku lija itagwa, madzi anadzaza mpaka ngalande ndi msewu osasiyananso. Mwana wanga Kabatani ankathamangira nsapato yake imene madzi anaitenga. Tinamupeza mawa lake pansi pa mlatho. Bwenzi pano ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, akundisokonezerabe chitini cha mabatani.

Pamaliro achimwene analira kuposa ine, anthu mpaka kuwagwira. Koma zaka zisanu zatha sanapondepo pakhomo panga. Bambo a Kabatani anatopa ndi nyumba ya chete n'kuchoka, achimwene osabwera ngakhale kudzafunsa kuti ndikugona bwanji ndekha. Bambo akukhalabe kwa achimwene komweko. Ine ndimapita masana eni nyumba akatuluka, kukawameta ndevu ndi kuwawerengera makalata anu. Tikakumana mwangozi pageti amandipatsa moni ngati wa m'basi.

Mundiuze, kodi anakuuzaniko zimenezi? Mutiuzenso za inu. Mwendo uja unasiya kutupa?

Ndine mng'ono wanu.


28 Malichi

Mng'ono wanga,

Kalata yako ndailandira, ndaiwerenga kawiri ndili chiimire m'khitchini ya kuntchito. Mwendo uli bwino, umangotupa ndikagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi motsatizana. Mankhwala a bambo ndapatsira woyendetsa thiraki uja, afika kumapeto kwa mwezi wamawa ngati sachedwa pamalire. Uwapatse moni bambo, uwauze kuti sitampu ndamata mowongoka monga amafunira.

Za mlongo wathu sanandiuze, koma sindikudabwa. Munthu uja kuyambira ali mwana ankakwera pampando n'kumalankhula kwa nkhuku. Zija wandiuza za ngalande zandipweteka, ndipo ndakwiya kuti nonse munandibisira. Komabe ndikufunse, iwe ukufuna atani? Akhale m'nyumba mpaka imfa? Zaka zisanu si masewera. Ngati wachoka m'chipani chimene chinamusainitsa bodza, ine ndikuona ngati ndi munthu amene akufuna kukonza pamene analakwitsa. Fosholoyo mwina ndi kupepesa kwake. Amuna a m'nyumba mwathu pakamwa pawo mpolemera, bambo omwe sanauzepo amayi kuti pepani, ankangobwera ndi nsapato zatsopano.

Ndikudziwa mtima wako. Ukakwiya umasoka usiku ndi usana osadya, n'kumati uli bwino. Usadzipweteke chonchi. Ndiponso usaiwale kuti makasitomala ako ambiri ndi a chipani, nthawi ya chisankho ndi imene umasoka mayunifolomu awo. Ngati ukuopa kuti akuthawa chifukwa mlongo wako akupikisana nawo, nena, tione chochita.

Undilembere msanga, undiuze ngati bambo akudya bwino.

Ndine mkulu wako.


11 Epulo

Achemwali,

Moni wochokera kwa ine, alamu anu ndi ana. Tonse tili bwino. Bambo akudya, akudandaula za wailesi, ndiye kuti ali bwino. Musaope, sindikupempha ndalama ya kampeni. Kampeni yanga ndi njinga, bokosi la chinkuzamawu lobwereka, ndi miyendo yangayi.

Ndikudziwa mlongo wathu wakuuzani kale. Ndikuima pandekha chifukwa palibe chipani chimene chingandilole kunena zimene ndikunena. Pamsonkhano uliwonse ndimayamba ndi mawu amodzi: ndinasaina bodza. Ndimawauza kuti wapampando wa chipani anabweretsa pepala lija ku ofesi Lachisanu, akuluakulu akubwera Lolemba, ndipo anati ndisaine, gawo lotsalalo timaliza mvula isanayambe. Ndinadziwa kuti silimalizidwa. Palibe anandigwira dzanja. Ena akamva amawomba m'manja, ena amatukwana, mayi wina anandilavulira pa nsapato. Zonsezo ndimalandira. Taonani, ndayambanso kulankhula ngati ndili pamsonkhano, pepani.

Chimene ndikukulemberani ndi ichi. Mawu amenewa ndawanena kwa anthu mazana, koma kwa mlongo wathu ndalephera. Musaganize kuti sindinayese. Pazaka zisanuzi palibe mwezi umene sindinanyamuke kupita kwawo. Ndimafika pa golosale, pamene konkire imathera, miyendo n'kukana. Ndimaona matabwa amene anayala yekha pa ngalande pakhomo pake, ndimamva mashini ake akulira m'katimo, basi ndimagula machesi n'kubwerera. Alamu anu akuti machesi adzaza dilowa lonse.

Ndinaganiza kuti ndikapambana, ndikavundikira ngalande ija mpaka pakhomo pake, ndidzakhala ndi nkhope yogogodera. Mwina ndi uchitsiru. Inu amakumverani, chonde mumuuze kuti sindinaiwale. Musamuuze kuti andivotere, voti ndi yake.

Ndine mlongo wanu.


2 Meyi

Mwana wanga woyamba,

Akulankhula ndi bambo ako, akulemba ndi mng'ono wako. Ndamuuza kuti alembe mawu aliwonse monga ndanenera, ndipo akamaliza andiwerengere. Mwana ameneyu sanandibereko ngakhale chilembo chimodzi chiyambire kukhala maso anga.

Mankhwala afika dzulo. Woyendetsa thirakiyo anasunga phukusi masiku asanu ndi anayi. M'masiku athu phukusi likagona masiku awiri, munthu ankaitanidwa ku ofesi ya bwana. Maso sakubwerera, usadzivutenso kugula. Ndikungodontheza kuti iwe usakhumudwe.

Chisankho chili pa 26 mwezi uno. Akupikisana ndi atatu: mnyamata wa chipani, mayi amene anali mphunzitsi wamkulu pasukulu panu paja, ndi mlongo wako. Mayi mphunzitsi ndi munthu wabwino, alibe banga. Koma ine ndivotera mwana wanga. Sindikumuvotera chifukwa ndinamubereka. Ulendo woyamba uja sindinamuvotere, ndinaona kuti akukonda kwambiri kuwomberedwa m'manja. Pano ndimamumva m'chipinda mwake akuyeseza mawu aja akuti ndinasaina bodza, ndipo palibe tsiku limene amawatchula mosavuta. Mdzukulu wanga sadzabwerera. Ndinkamunyamula pakhosi popita kumsika, ndipo pakhosi pangapa mpaka lero sipanazolowere. Koma munthu amene wanena yekha cholakwa chake pagulu, ngati bambo ake omwe amukana, adzaimanso pati?

Akuti wosaona amaloledwa kulowa ndi munthu mmodzi amene amamukhulupirira, woti amuchongere. Ndasankha mng'ono wakoyu. Ndikudziwa kuti ndamusenzetsa katundu wolemera. Koma ndilibe wina.

Uzivala zofunda. Ndine bambo ako.

Achemwali, apa ndi ineyo tsopano, izi sindiwawerengera. Ndalemba zonse monga anenera, ngakhale dzanja limakana. Kalata yanu ija inandikhumudwitsa. Mukuganiza kuti ndikulirira mayunifolomu? Mverani izi. Loweruka achimwene anachita msonkhano pabwalo la kuseri kwa msika, mphepo n'kumabweretsa mawu mpaka m'shopu mwanga. Ndikusoka kolala, ndinangomva dzina la mwana wanga pa chinkuzamawu. Dzina lake lenileni, ndi la Kabatani lomwe, limene tinkamuitana m'nyumba mokha. Kenako anthu anawomba m'manja. Ndinakhala pansi pa tebulo lodulira nsalu mpaka dzuwa kupendeka. Mwana wanga wasanduka nyimbo ya kampeni, ine mayi wake osapemphedwa n'komwe. Choonadi chawocho akuchigawa m'misika, koma pakhomo panga sichinafike.


19 Meyi

Mng'ono wanga,

Pepa. Za mayunifolomu zija ndinalankhula ngati munthu wopanda mutu. Kuno ntchito imatiumitsa mtima, timafulumira kupereka mankhwala tisanamve pamene pakupweteka.

Pali chinthu chimene ndinayenera kukuuza mwezi watha. Mlongo wathu anandilembera, ndipo anandipempha kuti ndikuuze. Ndinazengereza poganiza kuti ndi bwino anene yekha, kenako mayi wina amene ndinkamusamalira anadwala kwambiri, masabata n'kumangopita. Akuti mwezi uliwonse amanyamuka kubwera kwanu, amafika pa golosale n'kulephera kupitirira. Amagula machesi n'kubwerera. Zaka zisanu zonsezi wakhala akuchita zimenezi. Ukafunse wa golosaleyo ngati ukuganiza kuti ndikunama. Za dzina la mwana analakwitsa, ndipo ndimulembera ndimukalipire. Koma si kuti anakuiwala, ndi mantha.

Ndikudziwa kalatayi ikhoza kukupeza chisankho chili pafupi. Ndinayesa kukuimbira kawiri, foni yako inali yothimitsa. Iwe uvotere amene ukumufuna, palibe angakuuze. Bambo okha uwaperekeze bwino.

Ndine mkulu wako.


9 Juni

Achemwali,

Moni. Kalata yanu yondikalipira ndailandira, ndipo mwanena zoona. Dzina la mwana sindinayenere kulitchula osapempha mayi wake. Ndinkaganiza kuti kubisa dzina ndi kubisanso mlandu.

Chisankho ndagonja. Apambana ndi mayi mphunzitsi, ndipo apambana bwino, panalibe chokangana. Ine ndinali wachitatu. Mumsewu mwathu momwe anthu ambiri sanandivotere, ndipo sindikuwaimba mlandu. Ndinapita kukawagwira chanza mayiwo, ndinawapatsa mapepala onse a ngalande amene ndinasunga, pamodzi ndi lija lili ndi siginecha yanga. Alonjeza kuti ayambira pamenepo.

Mudabwa, koma mtima wanga uli m'malo. Tsiku lovota bambo atabwera kunyumba anandiitana, nandionetsa chala chawo cha inki. Ankachiloza kukhoma, ine ndili mbali inayo. Anati, "Iyi ndi yako. Mlongo wako ndi amene wachonga, ndipo sanadandaule ngakhale pang'ono." Achemwali, ndinalowa m'bafa kukalira kuti ana asandione. Munthu amene ndinamuphera mwana anagwira cholembera n'kuchonga pa dzina langa chifukwa bambo ake amupempha. Ndinadzifunsa kuti ngati iye wakwanitsa zimenezo, ine mtunda wa kuchokera pa golosale ukundikanika bwanji?

Ndinapita Lachinayi m'mawa. Ndinadutsa pa matabwa aja, ndinagogoda. Anatsegula ali ndi tepi pakhosi. Ndinagwada pakhomo pomwepo, ndinanena zonse, popanda chinkuzamawu. Ndinamuthokozanso chifukwa cha voti ya bambo. Nkhope yake inangoti mbuu, n'kugwira chitseko ngati akugwa. Kenako anati, "Dzukani achimwene, anthu akuona." Anandipatsa mpando, anandiphikira tiyi, iye osamwa. Sindikunena kuti wandikhululukira. Koma ndinakhala m'nyumba mwake ola lathunthu.

Bambo akutsokomola kuyambira sabata yatha, chifuwa chikulira. Mawa tipita nawo kuchipatala. Ndikudziwitsani.

Ndine mlongo wanu.


24 Juni

Mng'ono wanga wokondedwa,

Ndangolandira kalata ya mlongo wathu, ndipo ndikulemba pompano ndisanavule yunifolomu. Iwe mwana, wandichititsa manyazi ine mkulu wako. Ndinkakulangiza ngati ndikudziwa kanthu, chonsecho wamkulu m'banja muno ndiwe. Zimene unawachitira bambo m'kachipinda kovotera ine sindikanakwanitsa. Amayi akanakhalapo bwenzi akukuvinira.

Ndauza anzanga onse kuntchito kuno. Mmodzi mpaka anagwetsa misozi. Undiuze za chifuwa cha bambo, pafoni akungoti ali bwino koma ndikumva mpweya wawo. Ndapempha tchuthi, akuti mwina Seputembala.

Ndine mkulu wako amene akukunyadira.


8 Julayi

Achemwali,

Sindikufunsani ngati muli bwino, ndikudziwa simuli bwino. Tinawaika bambo Lachitatu monga tinakuuzirani pafoni. Anzawo a ku positi anabwera asanu, okalamba okhaokha, mmodzi atavala chipewa chake cha ntchito. Anapita mwamtendere, masana, achimwene atawagwira dzanja lina, ine lina. Musadzidandaule kuti simunafike, anadziwa kuti mukuyesetsa.

Makalata anu awiri ndinawalandira. Ya machesi ija inafika pa 29 Meyi, chisankho chitapita masiku atatu. Yondiyamikira ija yafika dzana. Ndikupempheni muwauze anzanu akuntchitowo kuti apukute misozi yawo, anaitaya pachabe.

Sindinachonge pa achimwene.

Ndikuuzeni mmene zinayendera, chifukwa mukapanda kumva inu ndipenga. Tinafika pasukulu paja m'mawa, anthu anatipatsa njira poona ndodo ya bambo. Mayi woyang'anira anandipatsa fomu. Anandiwerengera kuti ndikulonjeza kuchonga pamene mwini voti wanena, ndi kusunga chinsinsi chake. Ndinasaina. Tinalowa m'kachipinda kaja, ka makatoni, kopapatiza moti phewa langa linkagunda la bambo. Ananong'ona kuti, "Pa fosholo, mwana wanga." Ndinayang'ana pepalalo. Achimwene ali pamenepo ndi shati yoyera, akumwetulira pang'ono. M'makutu mwanga munangobwera dzina la mwana wanga pa chinkuzamawu, ndi m'manja muja. Sindinganame kuti dzanja linaterereka. Ndinalitsitsa ndekha mzere umodzi, ndinachonga pa mayi mphunzitsi, bwinobwino, mosathamanga. Ndinapinda pepala, ndinaliika m'manja mwawo, ndinawalondolera pa bokosi, analiponya okha.

Tili panja anandisisita pamutu ngati mwana. Anati, "Ndikudziwa zakupweteka. Zikomo." Ndinayankha kuti palibe kanthu, bambo.

Voti yanga inali yanga, ndipo nayo ndinavotera mayi mphunzitsi, sindikuchita nayo manyazi. Koma inayo sinali yanga. Munthu wosaona anandibwereka dzanja, ine n'kumubera. Ndakhala zaka zisanu ndikunena kuti sindingamvetse munthu amene amasaina pepala akudziwa kuti ndi bodza. Pano ndikumvetsa. Sizitenga nthawi, ndipo pochita umaona ngati uli ndi chifukwa chokwanira.

Zotsatira zitatuluka ndinadzitonthoza kuti voti imodzi sikanasintha kanthu. Kenako kalata yanu inafika. Ndinapita kwa wa golosale, anaseka n'kuti, "Alongo anu aja? Ndimasunga machesi chifukwa cha iwo." Kenako eni ake anabwera kudzagwada pakhomo panga, n'kumandithokoza. Ndinafuna kuti nthaka ing'ambike.

Bambo ndinayesa kuwauza katatu. Koyamba ndikuwameta, lezala ili pakhosi pawo, ndinati ndidikire ndimalize. Kachiwiri kuchipatala, anali atangogona. Kachitatu ndinayamba ndithu, ndinati, "Bambo, tsiku lovota lija." Iwo anamwetulira n'kuti, "Tsiku limene lija ndi limene ndinagona tulo tabwino." Ndinameza mawu anga. Ndinati akachira ndiwauza. Ndinkafika pa golosale panga n'kubwerera.

Tsopano achimwene amabwera Lachinayi lililonse. Akonza chitseko cha shopu, asintha matabwa awiri amene anawola. Amakhala pampando wa makasitomala n'kumakamba za bambo, ndipo sachedwa kufika pa chala cha inki chija. Ine ndimangopondaponda mashini kuti asaone nkhope yanga.

Ndiuzeni chochita. Mukafuna kunditukwana, tukwanani, mwina ndipepukidwa.

Ndine mng'ono wanu.


27 Julayi

Mng'ono wanga,

Kalata yako ndinaisunga masiku anayi osayankha. Ndinalemba ina yaukali, ndinaing'amba. Sindikubisira, zandipweteka. Bambo anakudalira kuposa tonsefe. Koma nanenso ndili ndi gawo langa. Ndikanakulembera za machesi zija mu Epulo, mwina bwenzi tikukamba zina.

Tamvera tsono. Usamuuze. Bambo anapita ali okondwa, palibe chimene chingawachotsere zimenezo. Mlongo wathu wagonja chisankho, wataya bambo ake, chimene chamugwiriziza ndi voti imodzi imeneyo. Ukamulanda udzapindula chiyani? Mwangoyamba kumene kukhalira limodzi pansi. Nkhaniyi ithere kwa ine ndi iwe. Kalata yako ndaiwotcha.

Uzidya. Ndikubwera mu Seputembala, tchuthi andipatsa.

Ndine mkulu wako.


16 Ogasiti

Achemwali,

Moni. Alamu anu ndi ana ali bwino. Tikukuyembekezerani, chipinda cha bambo tachikonza kuti mudzagonemo ngati simuopa.

Mlongo wathu anabwera kunyumba Lolemba m'mawa. Chiyambire zaka zisanu zija, aka kanali koyamba kuti abwere akudziwa kuti ndilipo. Ndinamuona pazenera ataima pageti nthawi yaitali, akutembenuka ngati abwerere, n'kutembenukanso. Kaimidwe kameneko ndimakadziwa. Ndinatuluka kukamutsegulira.

Anakana mpando. Anandiuza zonse ali chiimire pakati pa balaza, manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu. Ananenanso kuti inu munamuletsa. Musamukwiyire. Anati sangathe kumandiphikira tiyi Lachinayi lililonse ine ndikuthokoza chinthu chimene sanachite.

Sindikunamizani kuti ndinazilandira bwino. Ndinatuluka, ndinayenda mpaka kubwalo la mpira, ndinakhala pa benchi mpaka dzuwa kufika pamutu. Pa mavoti onse amene ndinapeza, imodzi yokha ndi imene ndinkaidziwa mwini wake, ndipo ndinkadzuka nayo m'mawa uliwonse. Pano ndauzidwa kuti m'bokosi muja munalibe. Zinandiwawa ngati bambo amwaliranso.

Koma nditakhala pamenepo ndinaona kuti zimene bambo ananena m'kachipinda muja ananenadi. Anati pa fosholo. Zimenezo palibe angazifufute. Ndipo ine ndine ndani kuti ndimuweruze munthu pa nkhani ya siginecha? Bodza lake silinaphe munthu. Ndinabwerera kunyumba ndinamupeza ali pomwe ndinamusiya, alamu anu akumunyengerera kuti akhale pansi. Ndinamuuza kuti kwa ine nkhani yatha, ndipo Lachinayi ndibwera monga mwa masiku onse.

Anapukusa mutu. Anati, "Achimwene, simungandikhululukire inu. Voti sinali yanu."

Lachinayi ndinapitadi. Shopu inali yotseka. Mnansi wake anati amatseka masana aliwonse nthawi imene ankapita kukawameta bambo, n'kupita kumanda. Ndinamutsatira. Ndinamuona chapatali atakhala pansi pambali pa mtumbira, akulankhula, n'kusiya, n'kudikira, ngati mmene ankachitira powawerengera kalata kuti avomereze ngati walemba bwino. Sindinayandikire.

Aganyu a khonsolo ayamba kutsitsa miyala pa golosale, mayi mphunzitsi asunga mawu awo. Anthu ena akundifunsa kale ngati ndidzaimenso zaka zisanu zikatha. Mwina ndidzaima, mwina ayi, mwayi umenewo ulipo. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi mlongo wathuyu. Ine ndinachedwa zaka zisanu, koma nditagogoda ndinapeza munthu wonditsegulira. Iye anachedwa mwezi umodzi wokha, ndipo alibe pogogoda.

Fulumirani kubwera, achemwali. Ine ndekha sindikumutha.

Ndine mlongo wanu.